Zala za a Chigamba

A Chigamba sanabadwe ndi dzina limeneli. Analitola ku ofesi ina kumene anagwira ntchito ya umesenjala kwa zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, akuzungulira ndi makalata pa njinga yamoto yofiira. Anzawo ankati chubu cha njingayo chinali ndi zigamba zambiri kuposa mphira wake. Iwo sankakwiya nazo. Ankangofunsa kuti, "Munandionapo ndikukankha?" Ndipo zoonadi, panalibe amene anawaonapo.

Omata matayala a m'mbali mwa msewu sankawakhulupirira ngakhale pang'ono. Ankati anthu amenewo amagwira tayala ngati agwira wakuba. Choncho ntchito yonse ankaichitira kunyumba, pakhonde lakuseri, pamene simenti inada ndi girisi mpaka akazi awo anatopa nako kukolopa. Zida zawo zinali zochepa: zitsulo ziwiri zokanulira tayala, masipanala atatu, pulayala, pampu yopondera ndi phazi, beseni lakale ndi kachidutswa ka sopo. Koma chida chenicheni chinali zala zawo. Akatulutsa chubu, ankalowetsa dzanja m'kati mwa tayala, n'kutsinzina, n'kuyendetsa nsonga za zala pang'onopang'ono kuzungulira konse, katatu. Kaya ndi munga, kaya ndi kamsomali, zalazo zinkakapeza basi.

"M'menemu maso amanama," ankatero. "Chobaya chikatsala m'tayala, chubu chatsopanocho wangochitaya."

Atapuma ntchito, njinga yofiira ija inabwerera kwa eni ake, ndipo khonde linakhala zii kwa zaka zinayi. Kenaka mwana wawo wamkazi womaliza, amene aliyense ankangomutchula Mzime ngakhale anali atakula, analembedwa ntchito yobaya ziweto katemera m'mafamu akutali. Anamupatsa njinga yamoto. A Chigamba anapukuta zitsulo zawo tsiku lomwelo ngati munthu woti mkazi wake wabwerako kumene anathawira. Mzime sanaphunzire n'komwe kumasula gudumu. Akanaphunziriranji, bambo alipo?

Koma panali chimene a Chigamba sanauze munthu. Matenda a shuga anali atawalowa kalekale, ndipo dzanzi limene linayambira kumapazi linali litafika m'manja. Poyamba ankati ndi kuzizira. Kenaka mabatani a malaya anayamba kuwathawa, mwakuti anayamba kuvala malaya ongolowetsa mutu, n'kumati ndi fashoni ya opuma ntchito. Dzanja ankalowetsabe m'tayala, ankatsinzinabe, ankazungulirabe katatu, koma zinali ngati akupapasa atavala magolovesi. Ankachita mantha nthawi iliyonse Mzime akatuluka pageti. Koma mantha ena, oti akhale nkhalamba yongoothera dzuwa imene palibe amaifunsa kanthu, ndi amene ankawatseka pakamwa. Kunena zoona, kunali kudzikonda, ndipo iwo ankadziwa.

Lachitatu lina madzulo Mzime anafika akukankha njinga, thukuta lili kamukamu, tayala lakutsogolo litaphweratu.

"Bambo, wodwala wanu uyu," anatero akuseka. "Mawa ndikufunika kufamu ya ng'ombe isanakwane eyiti."

Kutangocha a Chigamba anali kale pakhonde. Anakweza njinga pachitsa, anamasula gudumu, anakanula tayala mosamala kuti chitsulo chisatsine chubu. Ataviika chubu m'beseni, tithovu tinatuluka pakabowo kakang'ono ngati ka singano. Anayang'ana tayala kunja konse, osaona kanthu. Analowetsa dzanja: kamodzi, kawiri, katatu. Palibe chimene anamva. Anadziuza kuti chobayacho chinagwera m'njira, anaika chubu chatsopano, anapaka sopo m'mphepete, anapopa mpaka tayala linalimba gwa.

"Ndinu dokotala, Bambo," anatero Mzime akumanga helemeti. Anaika foni m'thumba la jekete, anagwejemula njinga, ulendo.

Akazi awo anabwera ndi jagi ya madzi ofunda kudzawasambitsa m'manja monga mwa masiku onse. Girisi atayamba kuchoka, madzi a m'beseni anasanduka ofiirira. Mayiwo analeka kuthira.

"Bambo ake Mzime, mwadzicheka ndi chiyani?"

A Chigamba anatembenuza dzanja. Pansonga za zala ziwiri panali timizere titatu topyapyala, togundizana, tikutuluka magazi. Titatu. Anaziyang'ana zalazo ngati ndi za munthu wina. Kawaya kanali m'tayala muja. Kanawacheka ulendo woyamba, kanawachekanso wachiwiri, kanawachekanso wachitatu, iwo ali chitsinzinire, osamva kanthu. Ndipo tsopano kanali katagona pachubu chatsopano, pansi pa mwana wawo.

Waya wotere ankamudziwa bwino. Amathothoka kumatayala akutha a malole, ndipo sabaya pomwepo ayi. Amadikira tayala litenthe, lilemedwe, ligunde mabampu angapo. Ankadziwanso kusiyana kwa matayala awiriwo. Lakumbuyo likaphwa, njinga imavina koma umaima. Lakutsogolo likaphwa pamtsetse, chiwongolero chimakulanda manja, ndipo suuzidwa kumene ukagwere.

"Foni," anatero. "Muimbireni mwana."

Anayesa kaye okha, koma zala zinkangoterereka pagalasi, magazi n'kupakika pamenepo. Akazi awo anawalanda. Foni inalira mpaka inaduka. Ili mkati molira kachiwiri, a Chigamba anagwidwa ndi mantha ena: nanga akamva kunjenjemera m'thumba, n'kuchotsa dzanja limodzi pachiwongolero kuti ayankhe? Anafuna kunena kuti dulani. Anafunanso kunena kuti musaleke.

Msewuwo ankaudziwa ngati chikhatho chawo, ndipo anayamba kuyenda nawo m'mutu. Pano wadutsa padepoti ya mabasi. Pano ali pomwe amacheka matabwa, pamene phula linakumbika. Pakangopita mphindi khumi afika pamtsetse wautali wotsikira kumlatho, wokhota kawiri, pamene malole amatsika mabuleki akulira. Ndipo Mzime, mwana wa bambo ake, sankadziwa kutsika pang'onopang'ono.

"Mukuyesa sindimaona?" akazi awo anayankhula motsitsa mawu, maso ali pafoni. "Makapu angati mwaswa chaka chino? Ndimati mudzanena nokha. Paja amati bisani matenda, maliro tidzamva. Koma sindinkadziwa kuti mukufuna timve a mwana."

A Chigamba akanakonda akazi awo akanangowamenya ndi jagi ija. Anadzuka n'kupita kukaima pageti. Kunja moyo unkangopita ngati palibe kanthu: mayi wina ankasesa pakhomo pa golosale, galu ankadzikanda pansi pa ngolo. Wakabaza wina anatulukira kuchokera njira ya kumlatho, akuyenda pang'onopang'ono. A Chigamba anakweza dzanja kuti amufunse ngati waonako chilichonse, koma munthuyo ataima, anaopa yankho lake. Anangomuuza kuti pitani, ndakufanizirani.

Akazi awo anaimba kasanu ndi kanayi. Patatha pafupifupi ola lathunthu, foni inalira yokha m'manja mwa mayi. A Chigamba sanafune kuilandira, poopa kumva mawu a munthu wachilendo. Akazi awo anawagunditsa nayo kukhutu.

"Bambo, kwagwanji? Amayi ali bwino?" Anali Mzime. Kumbuyo kwake kunkamveka ng'ombe zikulira.

"Uli kuti?"

"Ndafika kale. Ndinali m'khola, foni ndinaisiya mujekete."

"Tayala lija?"

"Lili bwino. Langofewa pang'ono, mwina simunapope mokwanira. Pokhota pamlatho paja linandigwedeza, koma ndinaligwira. Ndipopetsa pobwerera."

A Chigamba anatsamira chipupa. Bodza linali litakonzeka kale pamilomo, losalala bwino: valavu ya chubu chatsopanocho ndi yoipa, usakwere, ndidzasintha. Mwana akanakhulupirira, ndipo iwo akanakhalabe dokotala. Koma sabata yamawa tayala lina lidzaphwa, ndipo dzanja lomweli lidzalowanso m'katimo.

"Usaikwerenso njingayo, mwana wanga. M'tayalamo mwatsala waya. Wandicheka katatu, osamumva." Anayang'ana dzanja lawo. "Zala zangazi zinafa."

Ng'ombe yokha ndi imene inayankha.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha, dzinja lisanayambe."

"Chaka chonsechi, Bambo? Matayala onse aja?" Mawu ake sanakwere, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa kwambiri. "Ine ndimatsika mtsetse uja osaganiza kawiri, poti ndimati munagwira ndinu."

Anadula foni osatsanzika.

Cha m'ma thuu koloko galimoto ya pafamu inaima pageti, njinga itamangidwa kumbuyo ndi zingwe. Mzime anathokoza dalaivala, anakankhira njinga kukhonde lakuseri, osawayang'ana bambo ake. Maso ake anali otupa. A Chigamba anali atasonkhanitsa kale zida zonse m'thumba la simenti, kuti akafuna kupita nazo kwa omata a kumsewu asavutike. Mzime analikhuthulira pansi.

"Sipanala yake ndi iti?" anafunsa.

Anamulozera. Anakhala pampando waufupi, manja atawapanikiza pakati pa mawondo kuti asalowerere. Anamuuza kuti ayambe watulutsa mpweya wonse, aponde mphepete mwa tayala ndi chidendene kuti limasuke, alowetse chitsulo pang'ono chabe. Kawiri konse chitsulo chinapulumuka n'kumumenya pachala, ndipo kawiri konse a Chigamba anadzuka theka n'kukhalanso. Chubu chitatuluka, Mzime anapenyetsetsa m'kati mwa tayala, akulitembenuzira kudzuwa.

"Mulibe kanthu umu."

"Usayang'ane. Lowetsa dzanja. Pang'onopang'ono, ngati ukusisita mwana wa ng'ombe."

Mzime anatsinzina osauzidwa. Dzanja linayenda, linadutsa theka, linapitirira. A Chigamba anasiya kupuma. Bwanji ngati nayenso sakapeza? Mwadzidzidzi mwanayo anasolola dzanja msangamsanga n'kuika chala m'kamwa.

"Mayo," anatero. "Kali apa."

Anakazula ndi pulayala, kawaya kochepa ngati tsitsi, n'kukaika pachikhatho cha bambo ake. A Chigamba anakaona kali pamenepo, koma kulemera kwake kapena kuthwa kwake sanakumve. Anayang'ana kadontho ka magazi pachala cha mwana wawo.

"Chikupweteka?"

"Kwambiri."

"Ndi bwino," anatero, misozi ikutsika osaipukuta. "Tsiku limene chidzasiye kupweteka, udzauze munthu tsiku lomwelo."