Mpope wa Msuweni Wanga

Msuweni wanga anali wothandizira mphunzitsi wa mpira pashikola ya mishoni ku Domwe, ndipo ine ndinali wothandizira iyeyo. Musaseke, unali udindo ndithu.

Mashikola a kuno ankamulimbirana. Chaka chino amutenga a ku Kalomwe, chaka chinacho ansembe athu amubweza. Mwiniwake ankati anthu akufuna nzeru zake, koma tonse tinkadziwa kuti akufuna mpope wake wopopera bola, mpira wachikopa uja, mpope umene anagula ku Dedza atagulitsa mbatata ya kachewere. M'dera lonseli unali wokhawo.

Tsiku lina anamuitana ku Vila Coutinho kuti akakhale mphunzitsi wamkulu wa mpira. Ine ndinada nkhawa, chifukwa mpope ukapita, anyamata athu abwerera ku mpira wa masanza.

"Asuweni, ku Vila akuitana inuyo kapena mpope?" ndinamufunsa akumanga katundu panjinga.

"Iwe, kumeneko ali nayo yawo."

"Nanga inu akukufunirani chiyani?"

Ndinkayesa andigenda. Koma anaima chilili, chingwe chili m'manja, nkhope n'kuyamba kuwala. Aka kanali koyamba kuti anthu afune iyeyo payekha. Anasolola mpope uja pakatundu n'kundiponyera.

"Tenga, chitsiru iwe. Mwina nawenso ukwezedwa."

Sananame. Mvula isanagwe, a ku Kalomwe anatuma munthu kudzapempha nzeru zanga za mpira, ine amene chibadwire sindinagoletsepo chigoli.