Ukochi Umene Ndinaunenerera ku Maryland

Tsiku lotsanzikana ndinaima pakati pa bwalo lathu la mpira ku Bangwe, chitupa cha ku America chili m'thumba la malaya, n'kuuza anyamata anga kuti, "Mundipatse zaka zitatu basi. Mudzandiona pa chithunzi, wenzulo ili m'khosi, azungu akuthamanga ndikaiimba." Anaomba m'manja, ine osakayika n'komwe. Pa msika wa Limbe, pamene ndinkagulitsa nsapato za kaunjika, ankanditchula kuti Lasiti, chifukwa mtengo womaliza unkatuluka pakamwa panga, kaya ndikugula kaya ndikugulitsa. Dzina langa lenileni la Saidi ankaliitana mayi anga ndi mkazi wanga Amina basi. Madzulo ndinali kochi wa timu ya m'dera, ndipo ndinkati munthu amene analiritsa ogulitsa mabelo a ku Limbe sangalephere ku Washington. Munali mu 2002, lotale ya zitupa itandigwera.

Wenzulo sanandipatse. Anandipatsa kakhumbi ka magalasi pansi pa nyumba ya maofesi ku Bethesda, kumene ndinkalandira makiyi n'kumaimika magalimoto a madokotala. Kumeneko mitengo ndi yolemba pa chikwangwani, munthu sanenerera. Pakamwa panga panachita dzimbiri. M'mwezi wosala ndinkamasula ndekha m'kakhumbimo ndi tiyi wa m'fulasiki, mphepo ikulowera m'mabondo. Lamlungu ndinkagula khadi yoimbira foni n'kuuza Amina kuti zonse zili bwino, ndikukambirana ndi matimu angapo. Matimu ake anali m'mutu mwangamu.

Chaka chotsatira kunabwera Yusufu. Ameneyu anali goloboyi wanga ku Bangwe, munthu wa zii, woti ukamufunsa funso amayamba wayang'ana nsapato zake. Mkulu wake woyendetsa takisi ku Gaithersburg ndiye anamukonzera mapepala. Yusufu anali ndi chinthu chimodzi: phazi. Akamenya mpira pagolo pathu, unkatera kwa goloboyi mnzake. Anapeza ntchito yosanja katundu m'mashelefu m'sitolo ina ku Annandale, ndipo tikakumana ankanditchulabe "a Kochi." Ku America konse anali munthu mmodzi yekha wonditchula choncho.

Mwayi unadza ndi galimoto yakale yofiira. Mwini wake, Dennis, ankagulitsa inshuwalansi, koma m'mbuyo mwa galimotoyo munkadzaza zipewa zolimba ndi mipira yawo ija yooneka ngati papaya. Nditamufunsa anati madzulo ndi wothandizira kochi pa koleji ina yaing'ono kumtunda kwa Gaithersburg. Masewera awo ndinali nditawazolowera pa TV: mpira amaunyamula m'manja n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo, koma pena pamafunika munthu mmodzi woti aumenye ndi phazi kuti udutse pakati pa mitengo iwiri yaitali. Dennis anadandaula kuti chaka chathacho analuza masewera atatu chifukwa cha phazi.

"Phazi?" ndinatero. "Bwana, mukulankhula ndi mwini wake wa mapazi. Kwathu ndatulutsa anyamata omenya mpira mpaka mbalame kusamuka."

Anaseka, n'kundiuza kuti ndibwere Lachiwiri. Wogulitsa sapita chimanjamanja, choncho ndinatenga Yusufu ngati sampulo.

Bwalo lake silinali ngati a pa TV aja. Mabenchi ake sangakwane ngakhale anthu a pa ukwati wa ku Ndirande. Dennis anandionetsa othandizira anzake mmodzimmodzi. Wina anali mphunzitsi wa masamu ku sekondale, amabwera choko chili m'manja. Wina anali wapolisi wopuma, mawu ngati injini ya chigayo. Wina anasewerapo pa koleji yomweyo, bondo linathyoka, ndiye anangokhalira pomwepo n'kumachapa mayunifolomu ndi kuyendetsa basi ya timu. Aliyense anali ndi ntchito ina yodyera. Ine m'mtima ndinati, awa ndi anthu osadziwa kunenerera.

Yusufu anavula jekete, n'kuuyang'ana mpira wa papayawo kanthawi. Woyamba unapita kumbali. Wachiwiri unadutsa pakati penipeni. Anamubweza m'mbuyo, unadutsanso. Anamubwezanso, anyamata onse anasiya kugundana n'kumaonerera. Kenako anaitana mnyamata wawo womenya mpira, Yusufu anamugwira phewa, n'kumusuntha phazi loponda pansi pang'ono chabe. Mpira unawongoka. Ine ndinali pambali ndikufotokoza mokweza kuti zonsezo ndinamuphunzitsa ndine, zimene zinali zoona theka.

Kochi wamkulu, nkhalamba yotafuna chingamu, anabwera kwa ine, poti ndine ndinkalankhula. Anati malo alipo a munthu mmodzi, woyang'anira omenya ndi phazi. Malipiro palibe chaka choyamba. Pali chakudya cha ku kantini, jekete la timu, ndi dzina pa ndandanda.

Apa m'pamene Lasiti anadzuka. Ndinaseka kuseka kwa pa msika kuja, kogwira pamimba. Ndinati katundu wabwino sapita ulere. Ndinatchula mtengo wokwera dala kuti tikumane pakati. Nkhalamba ija inasiya kutafuna, n'kunena kuti, "Aliyense waima apayu anayamba choncho. Inenso." Ndinati pepani, ndili ndi matimu ena akundifuna. Ndinamugwira chanza n'kutembenuka.

Amene anagulapo nsapato ku Limbe akudziwa chimene ndinkachita. Ukakana mtengo umachoka, koma suthamanga. Umayenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Usanaponde kakhumi, mwini katundu amakuwa kuti bwerani, bwanawe, tikambirane. Zaka zonse za pa msika njira imeneyi sinandinamizepo. Ndinaponda kasanu. Ndinaponda kakhumi. Ndinawerama n'kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Kumbuyo kunangomveka wenzulo ndi kugundana kwa zipewa. Ndinafika pa galimoto popanda wondiitana, ndipo nditacheuka Yusufu panalibe.

Anabwera patatha ola, chipewa cha timu chili kumutu.

"A Kochi, anandifunsa ine, ndiye ndavomera."

"Wavomera zingati?"

"Zaulere zomwezo."

"Iwe, sampulo imadzigulitsa yokha kuyambira liti?"

Anayang'ana nsapato zake. "Ndimaona ngati inu simukufuna."

Njira yonse ndinamulalikira za kupusa kwa munthu wogwira ntchito yolipidwa masangweji. Ndinamuuza kuti pofika Disembala adzakhala atatopa. Sanatope. M'mawa ankasanja katundu ku Annandale, masana n'kudutsa mzinda wonse pa sitima ndi basi kuti akafike ku bwalo. Ankatolera mipira, kujambula masewera pa vidiyo, kuthandiza wa bondo uja kuchapa. Chaka chachitatu anayamba kumupatsa kangachepe, kosakwana ngakhale lendi. Ine pa nthawiyo ndinali nditayamba kugula magalimoto akale n'kumagulitsa kwa Amalawi ndi Azambia, ndipo ku Bangwe nyumba yanga inali itafika pa mawindo. Pa thumba ndinkamuposa kutali. Ndiye n'chifukwa chiyani ndinkayang'ana kumbali ndikamuona atavala jekete lija?

Chinandimaliza ndi tsamba la koleji la pa intaneti. Anaika zithunzi za makochi onse, aliyense ndi mbiri yake pansi: anasewera kuti, anaphunzira kwa yani, mkazi wake ndani. Kumapeto kwenikweni kunali Yusufu, atamwetulira ngati wakuba nkhuku amene wakhululukidwa. Mbiri yake inati anali goloboyi ku Malawi pansi pa kochi Saidi. Dzina langa linalowadi pa tsamba la ku America, koma ngati chidindo cha pansi pa nsapato. Wina anasindikiza tsambalo ku Limbe n'kukalimata m'nyumba yometera ku Bangwe. Lamlungu lotsatira Amina anandifunsa pa foni.

"Bambo a Shakira, chithunzi cha a Yusufu tachiona. Chanu chili tsamba liti?"

"Changa akukonza. Makochi akuluakulu amachedwa."

"Oo. Poti anthu akufunsa."

Khadi inali isanathe, koma ndinati yatha.

Ndinapitako kamodzi kukaonera masewera awo, ndipo ndivomere pano, ndinapita kukapempherera mphepo. Kutatsala pang'ono kuti athe, timu yawo inali kumbuyo pang'ono, ndipo zonse zinatsalira phazi la mnyamata wa Yusufu. Ndinatseka maso n'kupempha kuti mpira upite kumbali. Munthu wamkulu, wa ana awiri, kupempherera tsoka mwana wa eni amene sanandilakwire. Mpira unadutsa pakati. Anyamata aja, aliyense ngati chitseko, anamunyamula Yusufu m'mwamba. Atanditulukira m'chigulu anakuwa, "A Kochi! Mwaona phazi loponda lija? Ndi lanu lija!" Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Mu 2007 nkhalamba ija anaichotsa ntchito, ndipo ndinaphunzira lamulo lina la ntchito imeneyi: wamkulu akagwa, othandizira onse amagwera limodzi. Wobwera amabwera ndi anthu ake. Tsiku limenelo ndinagula nkhuku yathunthu. Ndinamuimbira Yusufu ndi mawu achisoni, n'kumuuza kuti kwathu koimika magalimoto kuli malo. Anathokoza. Patatha milungu itatu anandiimbira kuti Dennis wapeza malo pa koleji ina yaing'ono ku Ohio, ndipo akumutenga. Ndiye lamulo lija lili ndi mbali ina: amene munavutika naye limodzi zaulere sakusiya. Chimene nkhalamba ija inkagulitsa tsiku lija sanali malipiro, unali mzere woimapo. Ine ndinanenerera chinthu cholakwika.

Ndinabwerera kumudzi mu 2009. Ntchito zinali zitayamba kuvuta, anthu sankagulanso magalimoto, ndipo Shakira, amene ndinamusiya akukwawa, ankandiyankha pa foni ngati mlendo wa bambo ake. Yusufu atamva anatumiza chikwama: makoni apulasitiki, mawenzulo, ndi jekete lake lakale la ku Maryland, zonse za timu yathu ya ku Bangwe. Makoni ndi mawenzulo ndinakapereka. Jekete ndinatsika nalo ndege pa Chileka nditalivala, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu.

Silinanamize munthu. Wometa tsitsi anangoliona n'kunena kuti, "Eee, a Lasiti, a Kochi Yusufu akugawirani?" Tsamba lija linali likadali pakhoma, litachita chikasu. Nyumba yanga ya malata atsopano anthu ankaidutsa osacheuka, poti nyumba zoterozo zinali zitachuluka. Koma munthu wa ku Bangwe wophunzitsa azungu mpira analipo mmodzi yekha.

Ku bwalo ndinapeza timu ili m'manja mwa Mavuto, amene m'masiku anga ankakhalira pa benchi. Anandilandira bwino, n'kunena kuti akufuna munthu womuthandiza, koma ndalama palibe. Mukuganiza kuti zaka zisanu ndi ziwiri zinandiphunzitsa kanthu? Ndinaseka kuseka kuja, ndinati munthu wochokera ku America sagwira yaulere, n'kutembenuka. Kamodzi, kawiri, katatu. Nditaponda kachisanu ndi chiwiri ndinamva mawu amene ndinawadikira ku Maryland osawamva.

"A Lasiti! Tabwerani!"

Ndinaima. Kwathu ndi kwathu, ndinatero, kuno munthu amaitanidwa. Ndinabwerera mwaulemu wanga wonse.

"Musanapite," anatero Mavuto, "tatisiyirani nambala ya a Kochi Yusufu. Mwina angatipezereko nsapato."

Nambala ndinapereka. Ndipo poti ndinali nditabwerera kale, ndinatola makoni n'kuyamba kuwandanditsa. Mpaka lero ndine wothandizira wa Mavuto, wopanda malipiro, wopanda ngakhale sangweji.

Mwezi wa Okutobala chaka chomwecho mayi ake a Yusufu anamwalira. Kwathu maliro sagona, ndipo kwawoko inali nthawi ya masewera, Loweruka lililonse ali pa bwalo. Mkulu wake anafika patatha masiku anayi, Yusufu sanabwere n'komwe. Ine ndi amene ndinanyamula jeneza, chonyamulira maliro, kutsogolo, pamalo pamene akanagwira iye. Pochokera kumanda ndinamuimbira. Anali m'kachipinda kake ka pamwamba pa galaja ya munthu, pa koleji yachitatu tsopano, wosakwatira, katundu wake yense wokwana m'galimoto imodzi chifukwa sadziwa kuti chaka chamawa adzakhala kuti. Analira nthawi yaitali. Kenako anati, "A Kochi, munawaika bwino?" Ndinati tinawaika bwino. Nditadula foni, mkulu wina amene tinali naye kumanda anandikoka malaya n'kundifunsa ngati chithunzi chatsopano cha a Kochi Yusufu chatuluka.

Madzulo ano Shakira wanditengera madzi ku bwalo, ndipo wandiseka kuti ndimathamanga ngati bakha. Ndili ndi nyumba, ndili ndi ana ondiseka, ndipo ndikadzafa ondinyamula ali pafupi. Koma ndikadutsa pa nyumba yometera ija ndimayang'anabe kumbali. Yusufu ali ndi wenzulo ndi chithunzi chimene ndinalonjeza ine pakati pa bwalo lino. Ine ndili ndi jekete lake, ndipo ntchito imene ndinaikana ku Maryland ndikuigwira ku Bangwe pa mtengo womwewo. Inu amene mumadziwa kunenerera, tandiuzani: pa malonda amenewa, anapambana ndani?