Kuno Mpira Sazinda

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi amayi ake a Wanjiru, oyandikana nawo nyumba kuno kuchilendo ku Syokimau. Anandipeza ndikuyanika zovala, nati, "Mama Tadala, mwana wanu akuti asiya besibolo, mpira wa ndodo uja." Akuluakulu onse a timu ya kusukulu kwawo anali atamaliza maphunziro, kwatsala tiana tokhatokha tongogonja Loweruka lililonse. Aphunzitsi anali atanena kuti atsikana akachepera asanu ndi anayi timu itha, ndipo Tadala wanga ndiye anali wachisanu ndi chinayi.

Ndinangoima chitenje chonyowa chili m'manja. Ndege inadutsa pamwamba, mtima wanga n'kupita nayo mpaka kwathu ku Ntcheu.

Ndikukumbukira chaka chomwe akuluakulu athu a fulaye anatithera. Ena anakwatiwa, ena anasankhidwa kupita ku sekondale. Tinatsala ife amamina, ndi mpira wathu wa majumbo womanga ndi luzi, ndi botolo lija lodzaza mchenga uku anzako akukugenda mbali ziwiri. Kunali dzuwa la Okutobala, nyenje zikulira, kamphepo kakubweretsa fungo la masuku.

Achemwali a Esinati, omwe anasiya kusewera chifukwa cha pakati, ankakhala pachulu kutiyang'ana ngati mbuzi zapamsika. "Uyu dzanja ali nalo. Uyu miyendo ilipo koma mutu uli kwina." Atafika pa ine anati, "Tsopano iwe. Felesiya, liwiro ulibe, koma mpira ukamabwera sutsinzina. Usachoke." Atsikana akutsidya ankatigonjetsa mpaka mvula inayamba. Ndiye tsiku lina ndinadzaza botolo. Mchenga unkatsika m'zala mwanga wofunda ngati ufa wochokera kuchigayo, mpira ukulira m'makutu ngati njuchi, dziko lonse lili zii. Ndinadzidzimuka anzanga atandinyamula m'mwamba.

Nditamufotokozera Tadala, anangoti, "Amayi, fulaye si besibolo." Komabe anavomera kusewera kamodzi komaliza, ine ndikaonerere.

Loweruka tinakwera maminibasi awiri, omwe kuno amati matatu, mpaka kubwalo la ku Karen, ine, mwana ndi bambo ake. Ndinakhala pabenchi ngati achemwali a Esinati pachulu. Malamulo sindiwadziwa, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma ana ndimawaona. Kamtsikana koponya mpira dzanja kali nalo, kangofunika kudya. Wogwira mpira kumbuyo saopa. Awiri akutali aja ankaonerera agulugufe, Mulungu awakomere mtima.

Tadala ataima ndi ndodo yake, mpira uja ukubwera, pakamwa panga panatseguka pokha: "Zinda, mwana wanga!" Mwana womvera, anazindadi. Woimbira anakweza dzanja, Tadala watuluka.

"Mayi," anatero bambo ake akubisa nkhope m'chipewa, "kuno mpira sazinda, amaumenya."

Timu ya Tadala inagonja. Koma m'matatu pobwerera Tadala anaseka mpaka misozi, kenako anatsamira paphewa langa. "Loweruka likudzali mubwerenso, amayi. Koma mukhale chete."

Zinthu zinasintha. Ana a lero mpira wawo ndi wachikopa, amavala zisoti, amasewera pakapinga wothiriridwa. Koma botolo limadzazabe dzanja limodzi limodzi, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti wanga sanachoke pakati. Abale, mukamagwada mutikumbukire ife a m'banja lino kuno kuchilendo, pamodzi ndi tiana tisanu ndi tinayi tija. Mundipemphererenso ine, kuti Loweruka ndikagwire pakamwa.