"Swap" ya Mayi a Kuseri kwa Mpanda

Kwathu kuno ku Jamaica, mawu oti "swap" amatanthauza kusinthana. Koma akawatchula mayi oyandikana nafe, amatanthauzanso kupempha, kubwereka, mwinanso kulanda. Amabwera ndi ndimu imodzi n'kubwerera ndi nkhuku.

Loweruka lina anatulukira ndi dengu la mango.

"Swap, achemwali! Ndipatseni nsomba yamchere mwanyikayo."

Inali ndiwo ya alendo, koma mangowo ankanunkhira. Ndinawapatsa, mumtima ndikuti lero lokha wapindula ndine.

Amuna anga, a Linval, atalawa limodzi anathamangira kuseri kwa nyumba. Mtengo wathu unalibe ndi bango limodzi lomwe.

"Mayi inu, mangowa ndi athu!" anakuwa pampanda.

"Ndakana ngati?" anayankha mayiwo, uku akukazinga nsomba. "Ine ndasinthanitsa kukwerako. Pamsinkhu wanga uno, mukuyesa ndi masewera?"