Mikono Iwongoke

Mundikhululukire polemba, ine sukulu yanga ndi yakumudzi. Lero ndikukolopa holo ya sukulu ina ku Al Garhoud, kuno kudziko la eni kumene ndimagwira ntchito, ndatola mphonje yonyezimira imene atsikana ochemerera mpira anagwetsa.

Ife tili pasukulu, mphonje zathu tinkapanga ndi ulusi wa matumba a feteleza. Aphunzitsi ankatikwapula zigongono ndi nthyole ya pichesi: "Mikono iwongoke! Kungani zibakera!" Wotsitsa mkono nyimbo isanathe ankalandira zambiri.

Tsiku la mpira, ng'oma italira, tonse tinaponya mikono m'mbali. Chibakera cha mnzanga chinatera pakamwa panga, dzino n'kuzuka.

"Pepa, usalire," ananong'ona osatembenuka.

Aphunzitsi ankayandikira, nthyole ili m'manja. Ndinakweza mikono, dzino nditalibisa pansi pa lilime, ndikumeza magazi otentha amchere.

"Iwe, mwetulira!" anatero.

Ndinamwetulira, magazi n'kuyenderera pachibwano.