Chilombo cha Mphira cha pa Zenera la ku Kitwe

Achimwene anga a Gilibati, inu amene munatsogola, Lamulungu lapitali titachokera ku tchalitchi kuno ku Nuneaton, mdzukulu wanga anandipezera pa kanema sewero lija la anthu oyenda m'mlengalenga, limene linkatisowetsa mtendere tili ana ku Kitwe. Ndinakhala pansi osavula jekete, monga munthu wolandira mlendo wolemekezeka. Ndikuuzeni zoona, ndinanyansidwa. Chombo chija chimalendewera pa ulusi wooneka bwinobwino. Makoma ndi a makatoni, ndipo amagwedezeka munthu akatseka chitseko. Chilombo chimene chinkandilotetsa ndi bambo wonenepa wovala mphira, nsapato zake za ku ofesi zikuonekera pansi. Mdzukuluyo anaseka mpaka kugwa pampando, nandifunsa m'Chingerezi ngati anthu a nthawi yathu tinali ndi maso.

Koma ine maganizo anali pa inu. Ife ana a okumba mgodi sankatilola kulowa m'kalabu ya mabwana momwe ankaonetsa sewerolo, choncho munkandinyamula paphewa pa zenera lakumbuyo, nkhope yanu itayang'ana khoma. Simunaonepo ngakhale chithunzi chimodzi. "Iwe, chatani tsopano?" munkanong'ona, khosi likunjenjemera, ine n'kumafotokoza. Ndiye kuti zinyalala zimenezi ndi zimene munkapwetekera msana? Ndamuuza mwanayo kuti asadzandiyatsirenso. Inu munapita ndi chilombo chenicheni, cha mano ndi moto, chimene ndinkakufotokozerani ine, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti palibe amene anakuonetsani chinachi. Usani mumtendere, achimwene.