Ba Tinenenji ndi Nyimbo ya Anyamata a Njanji

Ba Tinenenji Sakala ali ndi kashopu kotaipa makalata pafupi ndi Boma ku Kafue. Anabadwira m'nyumba za njanji, atate awo atachoka ku Katete kudzagwira ntchito pa siteshoni. Kutaipa anaphunzirira ku fakitale, ndipo ntchito itatha anadzipezera kompyuta yakale n'kuyamba zawozawo. Mayi ameneyu akati chakuti chichitika, musatsutse, mungotaya malovu.

Atate awo anali m'bandi ya anyamata a njanji, ndipo mpaka tsiku lomwalira ankauza ana kuti woimba wamkulu anali iwo. Bandiyo inajambula mbale imodzi yokha, ndipo ya pakhomo inasweka kalekale. Chaka cha chilala chija, amai awo, amene sankadzukanso pabedi, anati, "Tine, ndikanamvako nyimbo ija ndisanapite."

Anafunafuna pa intaneti, osaipeza. Kenaka mphunzitsi wina wodzataipitsa mayeso anawauza za netiweki yakale imene anthu amagawana mafayilo okhaokha, kompyuta kupatsa kompyuta inzake. Pulogalamu yake ndi yaulere, amailemba ndi anthu ongodzipereka, ndipo aliyense wodziwa angaitsegule m'kati n'kuikonza. Achinyamata anaiiwala kale, koma kompyuta yokalamba ija inailandira bwino lomwe. Ba Tinenenji analemba dzina la bandi. Mayo ine! Nyimbo ija inatulukira. Koma anali nayo munthu mmodzi yekha, wosadziwika dzina ngakhale dziko, ndipo makina ake ankayatsa Loweruka masana basi.

Pa netiwekiyi fayilo imabwera zidutswazidutswa, komanso pamakhala mzere. Wopatsa anzake amasunthira kutsogolo, womana amatsalira kumchira. Ba Tinenenji, opanda chopatsa, anakhala kumchirako masabata atatu. Zinawakwana. Anapita kwa Ba Yande, wotsogolera kwaya ya kutchalitchi kwawo, kukapempha nyimbo zoti aike pa netiweki.

"Nanga ndani azamvera kwaya ya ku Kafue?" anaseka Ba Yande.

"Imwe nipatseni chabe. Kupatsa n'kuika."

Ataziika, alipodi amene anazitenga nyimbozo, kaya ndi a kuti, ndipo mzere unayamba kuyenda.

Apo ndiye malaiti anayamba mwano. Loweruka lililonse, dzuwa likangofika pamutu, phethi, azima! Fayilo inaima pa 88 mwa 100, ndipo kunyumba amai anali atayamba kukana phala. Ba Tinenenji anabwereka wilibala, anayala chitenje, anakwezapo kompyuta ndi zingwe zake, n'kukankha kudutsa pamsika mpaka kwa Ba Daliso, wometa tsitsi amene ali ndi magetsi a sola.

"Ba Tine, bwanji? Mwasamuka?" anakuwa anyamata a minibasi.

Iwo anangokankhabe mpaka kukafika. Anakhala pakona, tsitsi la eni likugwera pamapazi, maso pa kompyuta mpaka dzuwa kupendeka. Munthu wa nyimbo uja sanayatse makina ake. Pobwerera analira ndi ukali, akumunyoza munthu amene sanamuonepo. Loweruka lotsatira anakankhanso wilibala, fayilo inafika pa 95. Loweruka linalo, Ba Daliso ali m'kati mometa m'busa, Ba Tinenenji analulutira mpaka m'busayo anadzidzimuka pampando. Inali itakwana.

Anaiika pa foni n'kuthamangira kunyumba, kompyuta kuisiya komweko. Anawatsamiritsa amai kupilo, foni pafupi ndi khutu. Gitala inalira, kenaka mwamuna wa mawu osalala anayamba kuimba. Ba Tinenenji misozi chuchuchu.

"Ndi amenewo atate, amai."

"Iyayi, uyo ndi Elias, wa ku ma siginolo," anatero amai. "Atate ako kuimba? Mawu ngati chitseko cha dzimbiri! Anzawo sankawalola n'komwe kuyandikira maikolofoni. Ankakunamizani."

Ba Tinenenji anapukuta misozi. Miyezi itatu yathunthu, wilibala, kusekedwa pamsika, zonsezo chifukwa cha mawu a Elias!

"Nanga ndavutikira chiyani ine, amai?"

"Takhala chete, iwe. Mvera kumbuyoko, ng'omayo. Dzanja lawo limenelo. Ukumva mmene akuthamangira kusiya anzawo? Ndi mmene analili, kulikonse kufulumira."

Amai anatsinzina, zala zawo zoonda zinayamba kugunda pabulangete, zikuthamanga pamodzi ndi ng'oma. Nyimbo itatha anatsegula maso.

"Bwezanso, Tine. Ndipo ukabweretse phala lija."